Misana ya Kwathu

Nkhaniyi ndikuilemba chiimirire. Foni ndaitsamiritsa pa chitini cha shuga pamwamba pa kabati, ndikulemba ndi chala chimodzi uku ndikugwedezeka pang'onopang'ono ngati munthu amene akumva ng'oma ya kutsidya kwa dambo. Kumsana kuli mwini wake wa nyumba ino, wa miyezi itatu ndi masabata awiri, tsaya lake litamatirira pakati pa mapewa anga ndi thukuta. Ali m'tulo tofa nato. Koma nditi ndingomasula mfundo ya chitenjechi, muona zina.

Ndayesa kambirimbiri moti ndondomeko yake ndaisunga pamtima. Ndimayamba ndamvetsera kapumidwe kake. Kakakhazikika, ndimavula masilipasi n'kunyang'ama kulowa kuchipinda. Ndimawerama pa bedi, n'kumasula mfundo yapamwamba, kenako yapansi, n'kumuzembetsa kudzera m'khwapa mpaka afike pachifuwa. Mutu uli m'dzanja lamanzere, matako m'dzanja lamanja. Ndimatsika naye ngati ndikutula mtsuko wodzaza mpaka m'milomo. Msana wake wakhudza matiresi. Ndimasolola dzanja chala chimodzichimodzi, mpweya nditaugwira. Ndiye mwadzidzidzi timanja tija tambasu, ngati akugwa mumtengo, maso tong'o, kamlomo kapansi n'kupindika, ndipo kulira kwake kumakafika kwa anyamata okazinga tchipisi kumsewu. Ndikamunyamula sipatha mphindi zitatu, wagonanso, ngati si iye.

Usiku sativutitsa kwenikweni. Amayamwa n'kugona, kudzuka, kuyamwa, kugonanso. Nkhondo ili masana. Tulo take ta masana tili ndi malo amodzi okha padziko lonse, ndipo malowo ndi thupi langa.

Tikukhala ku Mtoni, m'boma la Temeke mumzinda wa Dar es Salaam, chakufupi ndi msewu wa Kilwa. Bambo ake amagwira ntchito yotulutsa katundu kudoko, magalimoto ndi makontena opita kwathu. Amachoka kusanache pothawa kuthithikana kwa pamsewu, amabwera nyale zitayaka. Kalembera wa 2022 anapeza kuti mu Dar es Salaam muli anthu oposa 5 miliyoni. Ndikaima pazenera n'kumaona madaladala odzaza mpaka pakhomo, mabajaji, amayi a mabeseni pamutu, ndinkati mumtima, mwa anthu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe woti ndingamuuze kuti, "Tandilandirako mwanayu ndikasambe." Dzina la mzindawu limatanthauza nyumba ya mtendere. Anaupatsa dzinali ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860. Mwina iye mtenderewo anaupezadi, poti alezi anali nawo ambiri.

Ndiye pali kutentha. February wa kuno ndi wonyowa, amakumatirira pakhungu ngati phala. Mphepo yochokera kunyanja ya mchere imafika kwathu kuno itatopa kale, malata akulira ndi dzuwa, fani ikungozunguza mpweya wotentha womwewo. Kubereka mwana nthawi ya nkhomaliro kuli ngati kusenza mbaula kumsana. Iye watuluka tiziphuphu tofiira m'khosi ndi pachifuwa, ine pamsana, malo ofanana ndendende, ngati tinadindana. Ine wa ku Bembeke, kumene m'mwezi wa June madzi a m'ndowa amaluma zala ndipo nkhungu imatseka phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera, kumene mayi akabereka mwana amakhala wadzifunditsanso yekha.

Amayi ndimawaimbira Lamlungu akaweruka ku Misa, pa foni ya mchemwali wanga. Kuno tili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye ndimayamba ndawerengera kuti pano afika pakhomo, avula nsapato, akhala pakhonde. Tsiku lina ndinawadandaulira.

"Amayi, mwanayu akukana kugona pansi."

"Pansi pati?"

"Pa bedi. Ndikangomuika akudzuka."

"Nanga ukumuikiranji?"

"Kuti ndigwireko ntchito, amayi."

Anakhala chete mpaka ndinkamva nkhuku za kwathu. Kenako anaseka, kuseka kwawo kuja kwa m'mphuno.

"Iwe, manja ako ali kumsana kodi? Mwana kumbuyo, manja kutsogolo, Mulungu sanalakwitse. Nonsenu asanu ndi mmodzi ndinakulimirani kachewere muli kumsana. Ndani wa inu anagonapo pa bedi masana? Bedi lake liti?"

Ndinafuna kuwayankha kuti msana wanga watha, kuti masiku ena ndimafika madzulo ndisanasambe, kuti ndiwo zapsererapo kangapo chifukwa ndimaopa kuwerama pa moto mwana ali kumbuyo. Sindinanene. Mayunitsi anali pafupi kutha, komanso ndinkadziwa kuti ndikayamba ndilira.

Nditadula foni ndinakhala ndikuganiza mawu awo, ndipo ndinaona kuti ndi oona koma theka. N'zoona kuti chibadwire sindinamvepo mayi wa kwathu akudandaula kuti mwana wake amangogona akakhala pathupi pa munthu. Ana a ku Bembeke sasiyana ndi wangayu. Kungoti amayi aiwala kuwerenga misana.

Ndimakumbukira tsiku limodzi la mlongo wanga womaliza ali khanda. M'mamawa anali kumsana kwa amayi akusesa pabwalo. Popita kumjigo anamutenga ndi mchemwali wathu wamkulu, ndowa pamutu, mwana kumbuyo. Amayi atanyamula khasu anamuberekanso, ndipo anagona kumunda, mutu ukugwedera limodzi ndi khasu. Pobwerako anamutula pamiyendo pa agogo, omwe ankatongola chimanga pamkeka, ndipo anagona pomwepo, zitsononkho zikumugwera pamapazi. Azakhali podutsa anamunyamula "kuti ndimuone ngati akulemera," osamubweza mpaka nsima itapsa. Madzulo ife asungwana tinkalimbirana, ndipo wopambana ankasewera naye phada atamubereka, kapena kupita naye kuchigayo, kumene phokoso la injini linkamugonetsa kuposa nyimbo ina iliyonse. Kutchalitchi, mayi woti simukudziwa ndi dzina lomwe ankangotambasula manja kuchokera pa benchi ya kumbuyo. Mwanayo ankagona, kudzuka, kuyamwa, kugonanso, popanda woyang'ana wotchi. Pofika usiku anali atadutsa pa misana isanu kapena isanu ndi iwiri. Wangayu anali ndi umodzi. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe ndinkauyesa wa pa mayeso a Chichewa a Sitandade 8 basi.

Ndipo taonani mmene chilankhulo chathu chinaikira nkhaniyi. Mawu amene timanena mayi akachira kuchipatala ndi omwewo amene timanena akamangirira mwana kumsana ndi chitenje. Wabereka. Kwathu ntchito ziwirizi sanazisiyanitse. Amene anakubereka m'mimba ndi mmodzi, koma okubereka kumsana ndi mudzi wonse, ndipo aliyense wa iwo ukadzakula amakukumbutsa. "Iwe usandiyankhe choncho, ndinakubereka ine, unkandikodzera." Ndinkanyansidwa nawo mawu amenewa ndili mtsikana. Lero ndikulakalaka atapezeka munthu woti adzawanene kwa mwana wanga.

Mwana woyamba munthu umayenera kukachirira kwanu, pafupi ndi amayi ako. Ine ndinachirira kuno. Ulendo wake ndi wa masiku awiri pabasi: Chalinze, Morogoro, kudutsa pakati pa nyama ku Mikumi, kukwera Kitonga, Iringa, Makambako, kukhotera ku Uyole, kutsika Tukuyu mpaka pa Kasumulu, kuwoloka Songwe, ndiye Karonga, zitunda za Chiweta, Mzuzu, Lilongwe, kenako Dedza. Ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu tinaona kuti n'kuika moyo pachiswe. Amayi nawo sakanasiya munda ndi adzukulu atatu amene akulera. Choncho m'chikuta ndinakhalamo ndi bambo ake basi, mwamuna wa chifundo koma woti anali asanagwirepo khanda. Mchombo utagwa tinayang'anana. Kwathu akuluakulu ndiwo amadziwa kokausiya. Ndinaukulunga m'kapepala, n'kuuika m'kathumba ka mkati mwa sutikesi, momwe muli mapasipoti. Ukudikira tsiku lopita kumudzi.

Popanda agogo pafupi, munthu umafunsa foni. Usiku ndikuyamwitsa ndinawerenga malangizo ambiri olembedwa ndi anthu a kumayiko ozizira. Akuti chipinda chikhale cha mdima bii, mwana agonekedwe akusinza koma asanagone, pakhale kaphokoso kosalekeza konga ka mvula, ndipo tulo take tilembedwe m'kabuku. Ena akuti ukamunyamula kwambiri umuzoloweza manja. Bambo ake atamva zimenezi anapita ku Keko, kumene kuli akalipentala ambiri, n'kubwera ndi kabedi ka matabwa kopaka vanishi, atakamangirira pa bajaji. Kokongola zedi. Ndinatseka mawindo ndi zitenje kuti mukhale mdima, m'chipindamo n'kusanduka uvuni. Mwana analira, ine ndinalira, ndipo kabedi kaja lero ndi kosungiramo matewera ochapa.

Sikuti zonse za pafoni zinali zopanda pake. Ndinaphunzirapo kuti kudzidzimuka kuja kotambasula manja n'kobadwa nako, mwana aliyense wathanzi amakhala nako. Dokotala wa ana Ernst Moro anakufotokoza mu 1918, ndipo kumatha kokha mwana akamafika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Khanda likamva ngati likugwa, manja amathamangira kugwira amake. Ndinaphunziranso kuti khanda silimira m'tulo nthawi yomweyo ngati munthu wamkulu wotopa. Limayamba ndi tulo tapamwamba, tija ta kumwetulira, kuyamwa mpweya, maso akuyendayenda pansi pa zikope, ndipo tulo teniteni timabwera pambuyo pake. Ine ndinkamutula akangotseka maso, pa nthawi yolakwika kwambiri.

Chomwe chinandiseketsa ndi kafukufuku wa ku Japan. Gulu la Kumi Kuroda, wa ku bungwe la RIKEN, linaonetsa mu 2013 kuti khanda likanyamulidwa ndi munthu amene akuyenda limasiya kulira, limasiya kuphiriphitha, ndipo mtima wake umagunda modekha, chimodzimodzi ndi ana a mbewa amake akawanyamula pakamwa. Mu 2022 anayesanso makanda 21 atawaika timakina toyeza mtima. Anapeza kuti mayi akayenda ndi mwana wolira kwa mphindi 5 osaima, mwana amatonthola, ndipo pafupifupi theka la anawo linagona. Koma akawagoneka, oposa mmodzi mwa atatu alionse ankadzuka. Malangizo awo ndi akuti ukatha kuyendako ukhale naye pansi uli chinyamulire mphindi 5 mpaka 8, kenako umugoneke. Anaonanso kuti chimene chimagwedeza mtima wa mwana kwambiri si kukhudza bedi ayi, koma nthawi imene thupi lake likulekana ndi la amake.

Nditawafotokozera amayi zimenezi anafunsa kuti, "Analipidwa anthu amenewo?" Ndinati inde. "Akanabwera kuno, tikanawauza ulere, n'kuwapatsanso mbatata."

Komabe ndinayesa, ndipo sindinama, nthawi zina zimatheka. Ndimayenda naye kuchoka pakhomo kufika pazenera, masitepe asanu ndi limodzi, kutembenuka, kubwerera, wotchi ya pafoni ikuwerenga. Ndimakhala m'mphepete mwa bedi. Kenako ndimachita zimene agogo ankachita ndipo sindinkadziwa chifukwa chake: ndimakweza kadzanja kake n'kukasiya. Kakagwa lende ngati nsanza yonyowa, nthawi yakwana. Ndimatsitsa matako poyamba, mutu pomaliza, chifuwa changa chili chikhudzire chake mpaka atakhazikika, ndipo dzanja ndimalisiya pamimba pake kwa kanthawi. Pa maulendo asanu, awiri amagona. Amagona mwina theka la ola. Theka la ola limenelo ndimaima pakati pa nyumba osadziwa choyamba, kaya kusamba, kaya kuchapa, kaya kudya, mpaka nthawi zina limatha ndili chiimire.

Tsiku limene ndinachita mantha linali la sabata lachisanu ndi chitatu. Magetsi anali atazima, fani ili zii. Ndinakhala naye pa sofa atagona pachifuwa, ndikuti ndingotseka maso pang'ono. Podzidzimuka pachifuwa panalibe kanthu. Anali ataterereka n'kulowa pakati pa ine ndi mkono wa sofa, nkhope itayang'ana ku nsalu. Ndinamuzula ngati chinangwa. Analira, ndipo sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko. Ndinanjenjemera mpaka bambo ake atabwera.

Kusikelo ndinamuuza namwino zonse, m'Chiswahili changa chothyokathyoka. Namwinoyo sanandikalipire za sofa zija. Anandigwira pamkono n'kulankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati kunyamula mwana sikumuwononga, ndimunyamule mmene ndingathere, koma ndili maso. Tulo tikandigwira ndimugoneke chagada pamalo olimba, opanda pilo kapena mulu wa zovala, m'neti, ngakhale alire pang'ono, chifukwa pa sofa ndi pa mpando ndi pamene makanda amabanika. Ndikamubereka, nkhope ikhale cham'mbali, mphuno poyera, chibwano chisakanikizike pachifuwa, ndipo m'kutentha kuno ndimuvule atsale ndi thewera, nsalu ikhale yopepuka, ndimuyamwitse pafupipafupi osamupatsa madzi. Kuyamwitsa mwakathithi kuja timamva kusikelo kwathu, kunonso ndi komweko, miyezi isanu ndi umodzi.

Atandiona kuti ndine Mmalawi anandiuza chinthu chimene ndinakachifufuza ndikafika kunyumba. Chipatala chachikulu cha kuno cha Muhimbili ndi chathu cha Queen Elizabeth ku Blantyre zinali limodzi pa kafukufuku wa bungwe la WHO, pamodzi ndi zipatala za ku Ghana, Nigeria ndi India. Ankafuna kuona chimene chimachitika makanda obadwa ochepa kwambiri, osafika makilogalamu 1.8, akaikidwa pachifuwa pa amawo khungu ndi khungu atangobadwa, osadikira kuti ayambe alimba m'makina. Zotsatira zinatuluka mu 2021: imfa zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Njira imeneyi, ya kangaru, inayamba mu 1978 ku Bogotá m'dziko la Colombia, dokotala Edgar Rey atasowa makina okwanira ofunditsira ana, ndipo kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Wanga anabadwa masiku atakwana, wonenepa bwino, ndiye nkhani yake ndi ina. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kumuona ngati mwana wa makani. Ngati chifuwa cha mayi chimatha kusunga moyo wa kakhanda kolemera ngati paketi ya shuga, wangayu akamachikakamira sakupenga.

Pano ndinene chinthu chimene kukumbuka kwathu kumafuna kundibisira. Misana ija ndaiwerenga ija, yambiri inali ya asungwana. Wanga unali umodzi mwa iyo. Ndili Sitandade 3, nyengo yokumba kachewere ikafika, ndinkajomba kusukulu masiku awiri kapena atatu pa sabata kuti ndikhale mlezi, amayi akakhale kumunda. Alongo anga aamuna sanajombepo chifukwa cha mwana. Mchemwali wathu wamkulu uja, amene ankapita kumjigo ndi ndowa pamutu ndi khanda kumbuyo, sukulu anaisiyira Sitandade 6, ndipo mpaka lero amadandaula m'chiuno. Mtendere umene amayi akuukumbukira unali ndi woulipira. Kunonso ndimakumana nawo atsikana a kwathu, ambiri a ku Nkhata Bay ndi Karonga, amene anabwera kudzagwira ntchito m'nyumba za anthu, akulera ana a eni ake, awo atawasiya kumudzi ndi agogo. Tikakumana pamsika timadziwana ndi kamangidwe ka chitenje tisanalankhule n'komwe. Achibale anandiuza kuti nditumize ndalama anditumizire kamtsikana ka kumudzi kadzandithandize. Ndinakana. Ndikudziwa kalasi imene kangasiyire.

Ndiye ndimapukwa kwathu, inde, koma ndikudziwa kuti chimene ndikulakalakacho si chilungamo chokhachokha. Ndikulakalaka agogo pamkeka. Ndikulakalaka azakhali odutsa. Bambo ake nawo aphunzira: Lamlungu amavula malaya, n'kumuika pachifuwa, n'kumayenda naye m'chipinda akung'ung'udza nyimbo za kwayala ya kwawo. Kumubereka ndi chitenje anayesa kamodzi, zitseko zitatsekedwa, atandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Mwana anagona ola lathunthu.

Mwezi watha kunabwera katundu. Mayi wina wa geni wa ku Dedza, amene amabwera ku Kariakoo kudzapikula nsalu ndi nsapato, anandiimbira kuti ali ndi kathumba kanga. Munali ufa woyera, nyemba, ndi chitenje chakale cha amayi, chofiirira, chofewa ngati khutu la mbuzi chifukwa cha kuchapidwa zaka zambiri. Ndinaseka ndekha. Zitenje zambiri za m'misika ya kwathu zimachokera ku Kariakoo konkuno, mabelo ndi mabelo, ndiye amayi atumiza chimodzi kubwerera. Nditachitambasula ndinasiya kuseka. Chinkanunkhira utsi wa kukhitchini kwathu, utsi wa nkhuni za bulugamu. Ndinakwirira nkhope m'menemo kwa nthawi yaitali. Sindinachichape mpaka mwana atachisanzira.

Nyumba imene tikukhala ndi ya zipinda zambiri zoyang'ana bwalo limodzi la kuseri, kumene tonse timachapira ndi kuyanika. Mwini wake ndi mayi wachikulire wa Chisilamu amene aliyense amangomuti Bibi, kutanthauza agogo. M'mawa uliwonse amakazinga vitumbua, zomwe dzina lake ndi lofanana ndi zitumbuwa zathu koma n'za mpunga ndi kokonati. Ine amanditchula kuti Mnyasa, monga ambiri kuno amatitchulira Amalawi. Kwa miyezi itatu tinkangopatsana moni. Ndinkachita manyazi ndi Chiswahili changa, komanso mlendo m'dziko la eni umayenda chozemba, suonetsa mavuto ako pabwalo.

Lachiwiri lina masana ndinali kubwaloko ndikuyesa kuchapa matewera. Mwana anali kumsana, wakana kugona, wakana bere, akungolira. Ndinawerama pa beseni, iye n'kudziponya chagada. Ndinaweramuka, sopo n'kugwera mumchenga. Sindikudziwa nkhope yanga inkaoneka bwanji. Ndinangomva mawu kumbuyo.

"Mnyasa. Lete."

Bweretsa. Anali ataima pakhomo pake, manja atatambasula, ndendende mayi wa pa benchi ya kumbuyo kutchalitchi kwathu. Ndinazengereza. Anabwera yekha, n'kumasula mfundo ya pachifuwa panga ngati ndi yake, n'kumutenga. Anawerama, anamuponya kumsana ndi dzanja limodzi mmene amachitira amayi, mwendo uku mwendo uku, n'kukoka kanga yake paphewa. Kamangidwe kake kanali kosiyana pang'ono ndi kathu, koma kugwedezeka kwa m'chiuno kunali komweko. Anandilozera nsaluyo n'kunena kuti, "Mbeleko." Ndinati, "Mbereko." Anabwereza, ine ndinabwereza, tonse n'kuseka. Mtunda wa masiku awiri pabasi, mawu ndi amodzi.

Anandikankha paphewa kuti ndizipita. Ndinasamba mpaka ndowa inatha. Ndinaphika nsima ya ufa wa kwathu, n'kuidya yotentha, nditakhala pansi, koyamba chichirire. Nditamaliza ndinasuzumira pazenera. Bibi ankasankha mpunga m'lichero, akuimba chapansipansi nyimbo ya Chiswahili imene sindikuidziwa, ndipo mwana wanga anali atagona kukamwa kuli yasa, kadzanja kali lende pa nthiti za munthu amene si wa mtundu wake. Ndinamva mpumulo, komanso kanthu kena kanandilasa pansi pa mtima. Msana wachiwiri m'moyo wake ukanakhala wa amayi. Nyimbo yoyamba kuimva kwa agogo ikanakhala ya kwathu.

Lamlungu ndinawauza amayi. Ndinkaganiza kuti achita nsanje, kapena andichenjeza za kupereka mwana kwa anthu osawadziwa. Anangofunsa kuti, "Wawapatsako chiyani mayiwo?"

"Palibe, amayi. Ndalama angakhumudwe nazo."

"Ndani wanena ndalama? Ufa uja watha? Munthu wakuberekera mwana, iwe n'kumangoti zikomo pakamwa? Ndinakulera choncho ine?"

Madzulo ake ndinapungulira ufa m'mbale yaikulu, n'kuvundikira ndi kansalu, n'kupita nayo. Tsopano Bibi amamutenga pafupifupi tsiku lililonse akamaliza kugulitsa vitumbua, ndipo pa nthawiyo anali naye kale kumsana. Anavundukula mbaleyo, anatapa ufa pang'ono, anaufikisa pakati pa zala, anaununkhiza. Anafunsa kuti timaupanga bwanji kuti ukhale wosalala chonchi, wa kafungo kowawasa. Ndinayamba kufotokoza, koma Chiswahili chinandithera pa mawu achiwiri. Kukonola sindikudziwa kuti amati chiyani, kuviika mphale masiku atatu, kutsuka, kuyanika pamphasa, kupita nayo kuchigayo. Ndiye ndinaika mbale pansi n'kuyamba kumuonetsa ndi manja: munsi ukukwera ndi kutsika, lichero likupeta, madzi akutsanulidwa, ufa ukuyalidwa padzuwa. Bibi ankagwedeza mutu, mwana akugwedera naye limodzi, ine ndikusinja mumtondo wosaoneka pakati pa bwalo la eni, ndi manja onse awiri.